K4.5 miliyoni PS5 Pro? Dobadoba wa ku Joni amatopa, wa kumudzi satopa

Alamu anga ali ndi kamalo kosewerera magemu ku Area 25, ma TV atatu ndi ma PS4 awiri otopa ngati ng'ombe za pangolo, ana amalipira kuti amenye FC, gemu ya mpira ija, mpaka magetsi athime. Ndiye sabata yatha anditumizira sikirinishoti pa WhatsApp, mnyamata wina wa mu Lilongwe momwemo waika PS5 Pro, PlayStation 5 yamphamvu kuposa PS5 wamba, pa status yake, mtengo K4.5 miliyoni, pansi pake walembapo kuti yatsala imodzi yokha bwana, akuifuna ndi ambiri. Alamu akundifunsa eti alamu kodi pamenepa mtengo uli bwino? Ine ndinali mu taxi yochokera ku Randburg, ndinaseka ndekha mpaka mayi amene tinakhala nawo mpando anandicheukira.

Makina amenewa anatuluka mu Novembala 2024 pa madola 700 ku America, opanda ndi poika disiki pomwe, ukafuna pamenepo uwonjezere madola ena 80. Mpaka lero kwathu akuwagulitsa ngati atuluka dzulo m'mawa ndipo dziko lonse likukanganirana, chonsecho kuno ku Joni ukalowa m'sitolo ali ndandanda pashelefu, wogulitsa nkumakunyengerera kuti utengenso kontirola yachiwiri.

Musaone ngati ku South Africa kulibe madobadoba, alipo ndipo ife tinawaona ndi maso. PS5 yoyamba ija itafika kuno pa 19 Novembala 2020 mtengo wake m'sitolo unali R11,999 ya disiki, R9,999 yopanda disiki. Koma kuipeza kwake! Olembetsa msanga anamaliza zonse, ukatsegula Gumtree kapena Facebook Marketplace ukupeza yomweyo ili mubokosi lake pa ma R20,000, wogulitsayo alibe ndi manyazi omwe, wajambula ndi lisiti losonyeza kuti anagula pa R11,999. Ku America zinali chimodzimodzi, ya madola 499 imayenda cha m'ma 1,000 pa eBay. Ku UK anthu ankagwiritsa ntchito timapulogalamu togula tokha, ma bot, sitolo ikangoika katundu pa intaneti iwe usanalembe ndi nambala ya khadi zonse zatha, mpaka phungu wina Douglas Chapman anakaitengera nkhaniyo ku nyumba ya malamulo mu 2021 kuti mchitidwewu uletsedwe.

Nanga phindu la dobadobayo limachokera kuti? Ife a Malawi izi sitikufunika mphunzitsi, tinaphunzirira pa mafuta. Papampu pali mtengo woikika, mafuta ndi ochepa, ofuna ndi ambirimbiri, ndiye amene wafika msanga ndi zigubu amakaima pamsewu nkumagulitsa mtengo umene munthu wothamangira kumaliro angalole kupereka. Sony, kampani yopanga PlayStation, nayo imaika mtengo umodzi, ndipo poyamba imauika pansi dala, PS5 ankaigulitsa moluza miyezi yoyambirira chifukwa ndalama zenizeni amadzazipeza pa magemu ndi umembala wa PlayStation Plus umene umalipira mwezi ndi mwezi. Nthawi imeneyo Covid inali itatsekera anthu m'nyumba, aliyense akufuna chosewera, mafakitale a tizipangizo ta mkati tija ma chip akulephera kukwanitsa. Pakati pa mtengo wa m'sitolo ndi mtengo umene munthu wasusu angapereke pamatsala kampata, dobadoba amadya pamenepo basi. Palibe chimene wapanga, wangofika msanga pamzere.

Koma nkhani yanga ili apa. Dobadoba wa ku Joni ali ndi mdani, mdaniyo ndi shelefu. Katundu akangofika ku Takealot, ku Makro kapena ku BT Games, mtengo wake wagwa tsiku lomwelo, chifukwa palibe chitsiru chimene chingapereke R20,000 pomwe foni yake ikumuonetsa R11,999 ndi waranti pamwamba. Mu Januwale 2023 mkulu wa PlayStation nthawi imeneyo Jim Ryan atanena kuti vuto la kusowa latha, anyamata amene anaunjika mabokosi m'zipinda anayamba kugulitsa mopempha, ena pansi pa mtengo umene anagulira. Bizinesi yake ndi ya nyengo ngati ngumbi, mvula ikadutsa zatha.

Kwathu shelefu imeneyo ili kuti? Palibe mtengo wa Sony wa mu kwacha umene ungamuloze munthu nkumuuza kuti iwe ukunama. Ngakhale akaunti ya PlayStation yomwe, Malawi mulibe pa mndandanda wa mayiko, aliyense amanamizira kuti amakhala ku Johannesburg kapena ku New York, alamu anga pa akaunti yawo ndi nzika ya ku Sandton kkkk pomwe sanadutsepo ndi pa Mwanza pomwe. Ndiye mnyamata wa pa status uja ndiye sitolo, ndiye kampani, ndiyenso wolengeza kuti katundu wasowa. Akanena kuti yatsala imodzi, ungatsutse ndi chani? Mtengo wa tsiku lotulukira umakhala pomwepo chaka chonse, ndipo ukamufunsa yankho ndi limodzi lomwe lija la wogulitsa tomato, wa simenti ndi wa kabaza, dola yakwera bwana.

Apa ndivomereko pang'ono, chifukwa ndikadzafika kumudzi anyamata a geni angandithire mphepo. Dola inakweradi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa kubanki wa cha m'ma K1,750 uja ndi wongowerenga m'nyuzi, pita ukapemphe madola ogulira gemu uone mmene akakuyang'anire. Mnyamatayo marandi ake amagula pamsewu, kuposa kawiri mtengo wa kubanki. Bokosilo likwere basi pa Park Station, Beitbridge, Nyamapanda, lidutse Tete, pa Mwanza a MRA atengepo zawo, wa transipoti naye atengepo yake, ndipo likakafika losweka kapena likakana kuyaka palibe kobweza, waluza yekha. Komanso akagulitsa lero ndalamayo akamadzaisinthanso mwezi wamawa ikhoza kukhala itachepa mphamvu, ndiye amaikiratu ya mawa pa mtengo wa lero. Zonsezo ndi zoona ndipo dobadoba wa ku Joni sakumana nazo, iye amangodina foni ali pabedi.

Koma ngakhale muwerengere dola ya pamsewu, msonkho, basi ndi nsima ya panjira, pa K4.5 miliyoni pakutsalabe phiri. Ndinakhala pansi ndi kalukuleta, ndinamupatsa mnyamatayo chilichonse chimene angadandaule, ndinamuikiranso phindu labwino lomwe, sizinafike kumeneko. Chotsalacho ndi msonkho wa kusadziwa, akudziwa kuti alamu anga alibe pofananitsa.

Ku Zambia nako sikuti ndi kumwamba, magemu ndi odula ndithu, koma munthu wa ku Lusaka amalowa mu bureau nkugula madola ake masana dzuwa likuswa mtengo, ndiye wogulitsa sangabisale kwambiri kumbuyo kwa nyimbo ya forex. Ku Japan ndiye anachita kuwakhalira pansi madobadoba, makina awo a magemu a Switch 2 akutuluka pa 5 Juni 2025 a kampani ya Nintendo anachititsa maere oti upeze mwayi wogula, ndipo kuti ulowe nawo umayenera kukhala utasewerapo maola 50 pa Switch yakale komanso utalipira umembala wa pa intaneti kwa chaka. Anapanganso ina ya chiyankhulo cha Chijapani chokha pa 49,980 yen pomwe ya ziyankhulo zambiri inali 69,980 yen, kuti oodetsa kunja asaione kukoma. Ife zimenezo tizingomva, maere ake tikachitira kuti, pa status?

Chimene chinandipweteka kwambiri nchakuti alamu anali atayamba kale kuganiza zokatenga ngongole kubanki m'khonde, eti ana akuthawira kwa mnzawo wa kumsika amene ali ndi PS5. Ndinawaimbira usiku womwewo. Ndinati alamu, ana a ku 25 akufuna Mbappé athamange bwino pa sikirini, za Pro sakuzidziwa, ndipo ma TV anu aja kusiyana kwake sangakuonetseni nkomwe. Ndikugulirani PS5 wamba kuno, mwina ziwiri zogwiritsidwapo kale ntchito pa ndalama yosafika imeneyo, ndipatsira wa transipoti amene amanyamuka Lachisanu, inu mukonzeke za pa Mwanza basi.

Anavomera, koma m'mawa mwake anditumiziranso sikirinishoti ina. Mnyamata uja waikanso PS5 Pro pa status, chithunzi chomwe chija, kapeti yomwe ija, pansi walemba kuti yatsala imodzi yokha, mtengo tsopano K4.7 miliyoni.