Chindapusa n'cha dalaivala, musatisonkhetse

Zomwe zachitika pa Chitakale ku Mulanje Loweruka lapitali zandinyansa. Minibasi yochokera ku Muloza kupita ku Limbe, dalaivala waona anthu awiri ali ndi madengu a zinanazi, m'malo mokaima pa siteji wangoponda buleki pompo, matayala onse anayi ali pa phula, pafupi ndi mphambano yolowera ku Likhubula. Apolisi a pamsewu afika, alanda laisensi, amulembera chindapusa. Kenako kondakitala, wopanda ndi manyazi omwe, watembenukira okwera: "Makolo, tiyeni tithandizane, aliyense K1,000 kuti tinyamuke msanga." Ndipo ena apereka! Mayi wopita ku Gulupu ndi mwana wodwala kumbuyo wachita kumasula pansonga ya chitenje, kutulutsa ndalama yomwe amati akagulire mwanayo phala, kulipirira munthu wamkulu wandevu zake amene walephera kuimika galimoto pamalo poyenera.

Ayi. Chindapusa n'cha amene wagwira chiwongolero. Basi.

Inu madalaivala ndi makondakitala, wokwera udindo wake ndi umodzi: kulipira mtengo wa ulendo umene mwagwirizana pakhomo pa minibasi. Akatulutsa ndalama imeneyo wathana nanu. M'ndalama imeneyo ndi momwe muli mafuta, taget ya abwana eni galimoto, ya oyitanira pa siteji, ya khonsolo pa depoti, ya nsima ya dalaivala ndi kondakitala. Simunamuuze kuti pamwamba pake palinso msonkho wa kusamvera malamulo kwanu. Mukanamuuza akanakwera ina.

Tawerengani nokha. Minibasi yonyamula anthu 15, aliyense K1,000, ndi K15,000. Kodi pali wokwera ndi mmodzi yemwe amene waonetsedwa pepala kuti chindapusacho ndi zingati? Palibe. Mwina chotsala chimalowa m'thumba la kondakitala. Ndiye munthu waphwanya lamulo, sanataye ngakhale tambala, mwinanso wapindula. Mawa adzaimanso malo omwewo, chifukwa waphunzira kuti ali ndi anthu 15 omulipirira.

Ndipo tsiku limene apolisi palibe bwanji? Amaima pakona, kunyamula anthu awiri, kuima pamlatho, kunyamula wina, kukuthithikizani anayianayi pampando wa anthu atatu, wina kukhala pa kathabwa, wina pa injini kuyang'anizana nanu mawondo atagundana. Ndalama ya anthu owonjezerawo mudaionapo akugawira okwera? Mudamvapo kondakitala akunena kuti lero tapindula, aliyense alandire K500? Phindu ndi lawo okha, koma zikavuta akuti ndi zathu tonse. Walira mvula walira matope. Ukasankha kutola anthu paliponse, usankhenso kulipira wekha ukagwidwa.

Laisensi ili ndi dzina ndi chithunzi cha munthu mmodzi. Amene adapita kusukulu yoyendetsa galimoto, kuwerenga Highway Code, kulemba mayeso ku Road Traffic, ndi munthu mmodzi. Malamulo a pamsewu, Road Traffic Act ya 1997, amalankhula ndi woyendetsa ndi mwini galimoto, salankhula ndi agogo amene akhala mpando wakumbuyo ndi nkhuku yawo. Pepala la chindapusa limalembedwa nambala ya galimoto ndi dzina la dalaivala. Resiti ya boma, GR ija, imatuluka m'dzina lomwelo. Dzina la wokwera mulibemo paliponse. Nanga ndalama yake ikulowamo bwanji?

Malo osayenera kuimapo dalaivala aliyense amawadziwa ngati dzina lake: pamlatho, pakona posaoneka kutsogolo, pamwamba pa chitunda, pamphambano, powolokera anthu oyenda pansi, pomwe pali chikwangwani choletsa kuima, ndi kuima mbali yolakwika moyang'anizana ndi magalimoto obwera. Ndipo si zongovutitsa anthu. Msewu wathu wa M2 uja, kuchoka pa Bvumbwe kudutsa Thyolo mpaka kutsikira ku Luchenza, ndi makona okhaokha pakati pa minda ya tiyi, m'mbali mwake mopapatiza, malo ena ngalande ili pomwepo. Nthawi ya chiperoni, m'miyezi ya June ndi July, nkhungu ikagwa galimoto ya patsogolo pako umaiona utaifika kale. Kumbuyo kukubwera lole yodzaza, kapena thirakitala ya tiyi ndi ngolo yake. Lole yolemera ikamatsetsereka siima ngati njinga. Minibasi yoima pakona ikakamiza wa kumbuyo kulowa mbali ya eni ake osaona chomwe chikubwera. Amene amaphwanyika ikagundidwa kumbuyo ndi omwe akhala mpando wotsiriza, omwewo amene mukuwasonkhetsa. Ndiye mwaika moyo wawo pachiswe, kenako akulipireni pa zimenezo?

Kuima koyenera si ntchito yovuta. Indiketa isanafike nthawi, kuyang'ana pagalasi, kutuluka mumsewu mpaka matayala a kumanja achoke pa phula kapena alowe mkati mwa mzere wa m'mbali, handibuleki, anthu atsikire kumanzere. Galimoto ikafa pamalo oipa, mahazadi ndi mathirayango kutsogolo ndi kumbuyo, osati nthambi za bulugamu zomwe mumazisiya mumsewu mukachoka. Zonsezi sizidya ngakhale mphindi imodzi. Ulesi ndi dyera basi.

Ndikudziwa zomwe muyankhe mu makomenti. "Okwera omwewo ndi amene amakuwa kuti nditsitseni pano." Zoona, alipo ovuta, ofuna kutsitsidwa pakhomo penipeni pa nyumba yawo. Koma phazi lili pa buleki ndi la ndani? Yankho lake n'lapafupi: "Amayi, pano n'poletsedwa, ndikutsitsani patsogolopo." Atukwane, ang'ung'udze, ayende mapazi makumi awiri kubwerera. Wokwera akakuwa kuti thamangani ndachedwa, n'kugwidwa ndi kamera ya liwiro, mudzatinso alipire iyeyo? Akakuuzani kuti lowani mumtsinje wa Thuchila mudzalowa?

Ena akuti mafuta adakwera, kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, taget ndi yokwera. Zimenezo kakambiraneni ndi abwana anu ndi a MOAM, bungwe la eni minibasi, si mlandu wa wokwera, amenenso kwacha yomweyo idamugwera.

Ngakhale pa hayala nkhani ndi yomweyo. Kwaya yabwereka minibasi kupita ku Limbe, kapena abale apangana ndi wa Sienta kukatenga katundu wa ukwati. Pokambirana mtengo mumatchula mafuta, maola odikira, ndi ndalama yolipira poimika galimoto m'tauni. Imeneyo inde, ndi gawo la ulendo, ili ndi tikiti yake, obwereka akhoza kuilipira ngati mudagwirizana. Koma dalaivala akaona kuti yolipira poimikayo adyere chipisi, n'kusiya galimoto pakhonde la sitolo mpaka a khonsolo kuimanga tayala, kumasulitsa kwake ndi kwa iyeyo. Chimodzimodzi mnzanu amene wakutengani pa galimoto yake. Munamuthandiza ya mafuta, mwachita bwino. Akaimika poletsedwa, mukafuna kumuponyerako kangachepe ndi chifundo chanu, koma asakutumizireni uthenga madzulo kuti gawo lanu ndi mwakuti, nambala ya Mpamba ndi iyi. Chifundo sachita kulamula.

Okweranso tasiyani mantha. Chomwe amadalira ndi changu chanu: akudziwa kuti wina akuthamangira ku ntchito, wina ku chipatala, wina akufuna akapeze msika wa pa Bvumbwe usanathe, ndiye amazimitsa injini n'kukhala phee mpaka mutatopa. Musapereke. Funsani kuti pepala la chindapusa lili kuti. Ngati palibe pepala, dziwani kuti akukusonkhetsani ya ziphuphu, ndipo mwalowa nawo m'mlandu umene simunauyambe. Galimoto ikagwidwa kuti siyenda, akubwezereni ndalama ya mtunda wotsala, kapena akukwezeni ina iwo alipire. Lembani nambala ya galimoto, kanenani kwa tcheyamani wa pa siteji kapena ku polisi. Anthu 15 mukakana limodzi, ndalama ija kondakitala amaitulutsa m'sokosi nthawi yomweyo. Ilipo. Imakhalapo nthawi zonse.

Ndipo poti tayamba kale, nkhani ya kutigulitsa panjira nayo yafika potopetsa. Wakwera pa Boma akulonjeza kuti "Limbe dairekiti", wafika pa Luchenza aona kuti mwatsala asanu, akuti tsikani mukwere iyo, iwo atembenuka kubwerera ku Mulanje. Minibasi inayo yadzaza kale, thumba lako la chimanga aliponya pansi lang'ambika, kondakitala watsopano akuti sanamupatse ndalama yako yonse, onjezera. Chenje chako cha K2,000 chija amati "ndikupatsani kutsogolo" chapita ndi kondakitala woyamba uja.