Azibambo, chilonda mukubisa m'thalauzicho chidzakudulitsani

Ndikulankhula ndi inu amuna a kuno ku Chipata, kuyambira ku Kapata mpaka ku Mchini, ndipo wokwiya akwiye. Mukamva pa wailesi za kachilombo ka HPV mumati ndi za azimayi ndi khansa yawo ya khomo la chiberekero. Kodi azimayiwo amakatunga ku chitsime? Timapatsirana pamphasa, khungu kukhudzana ndi khungu, ndipo mwamuna amatha kuyenda nako zaka osamva chilichonse.

Kwa ambiri thupi limakagonjetsa lokha. Koma ulipo mtundu wake, madokotala amautcha 16, umene ukakhazikika pansi pa khungu lakunsonga umatha kuyambitsa khansa ya chida cha abambo. Si khansa yonse ya pamenepo imene imachokera ku HPV, koma gawo lalikulu ndithu. Ndiye onjezanipo fodya, HIV yosamwera mankhwala, ndi khungu lothina losabwerera m'mbuyo, limene m'kati mwake simufika madzi. Ife Achewa ndi Angoni mdulidwe si mwambo wathu, ndikudziwa, koma kusasamba nakonso si mwambo wa makolo.

Mlamu wanga wina anayamba ndi kachilonda konga njerewere, kosapweteka. Anati ndi chindoko, nagula makapisozi pamsika, kutsegula, kuwaza ufawo pachilonda. Kenako anati amutchera kwa mkazi wa mwini, ulendo kwa sing'anga, mbuzi ziwiri zinapita. Chaka chathunthu! Mlongo wanga ankangochapa makabudula a mafinya, atauzidwa kuti atseke pakamwa. Tinadziwira fungo, komanso poona bambo wamkulu akukhala pakhonde atavala chitenje chifukwa thalauzi limamupala. Pofika ku Chipata Central, m'mphechepeche munali mutatupa kale mwanabere. Anamutumiza ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, makilomita oposa 500 atakhala cham'mbali pampando wa basi. Kumeneko anadula. Dokotala anati akanabwera kachilonda kali kakang'ono, mwina akanangochotsa khungu lokha.

Choncho chilonda, chotupa kapena banga la pamenepo likatha masabata angapo osapola, kalionetseni. Manyazi a chiyani? Kwa zibwenzi zitatu mumavula osazimitsa nyali, koma kwa namwino mukuti ndi mwana wamng'ono.

Kondomu imathandiza, ngakhale siphimba paliponse. Mdulidwe m'zipatala za boma ndi waulere. Ndipo inu amene mumaletsa ana anu aakazi katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019, mukuti amatseka mimba, mwamva kwa yani? Kumowa? Mdzukulu wanga anabayidwa ali ku sukulu, ndinamuperekeza ndekha, ndipo anangodandaula mkono tsiku limodzi.