Ndalama za thukuta lako zisagone m'dzina la munthu wina

Sabata yatha pa Lizulu ndinakumana ndi mwana wa achemwali anga akufunsa mtengo wa basi ya ku Joni. Ali ndi zaka 23, pasipoti yatuluka, chikwama wagula kale. Ndinamufunsa chinthu chimodzi chokha: "Ukakayamba kulandira, ndalama zako zizikagona kuti?" Anayankha mosakayika: "Malume, mnzanga uja ali ndi khadi, ndizikagwiritsa ntchito lomwelo." Mtima wanga unangoti myuu, chifukwa mawu amenewa ndinawamvapo kale, ndipo ndikudziwa komwe anathera.

Ndakhala ku Johannesburg zaka 7. Chaka changa chachiwiri ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnyamata wa ku Tsangano, wolimbikira kwambiri, wosalawa mowa. Bwana wake sankafuna kulipira pamanja, ndiye iye anapereka nambala ya akaunti ya mnzake wa kumpingo. Miyezi yambiri zinkayenda bwinobwino. Amatapa za chakudya ndi lendi, zotsala nkuzisiya momwemo kuti akagule malata. Anali ndi kope lakuda lomwe ankalembamo mwezi uliwonse, ndalama yalowa mwakuti, ndatapa mwakuti, yatsala mwakuti. Tsiku lina mwini akauntiyo anagwidwa chifukwa mapepala ake anali atatha, nkubwezedwa kumudzi, akaunti nkutsekedwa. Ndinamuperekeza mnzangayo ku banki, kope lili m'manja. Mayi wa pa kauntala analiyang'ana, nkumuuza mwaulemu kuti sangakambe naye za akaunti yomwe si yake. Tinatuluka, iye nkukhala pansi panja pomwepo, akungotembenuza masamba a kope lija. Mwini akaunti uja sanali wakuba ayi, ndipo mayi uja sanalakwe. Banki imadziwa dzina limodzi basi, lomwe linalembedwa tsiku lotsegula.

Ndichifukwa chake ine ndimati amene akupita kunja aganize za akaunti asanaganize za foni yatsopano. Ku South Africa kuli lamulo lotchedwa FICA la mu 2001, lomwe limakakamiza banki iliyonse kudziwa bwino munthu amene ikumusungira ndalama. Kaya mupite ku Capitec, FNB, Absa, Nedbank kapena Standard Bank, mafunso ake ngofanana: ndinu ndani, muli m'dziko muno mwachilolezo chanji, mumakhala kuti, ndalama mumazipeza bwanji. Kwa mlendo ndiye kuti pasipoti yosatha masiku, pemiti ya ntchito kapena ya sukulu, kalata yotsimikiza komwe mumakhala, ndipo nthawi zambiri kalata ya bwana. Chidindo chija amatidindira pa Beitbridge ndi cha masiku 30, cha munthu wokacheza, sichipereka chilolezo chogwira ntchito. Apa mpomwe ambiri a ife timakodwa.

Kalata ya komwe mumakhala imavuta kwa munthu wogona kuseri kwa nyumba ya eni ake, wopanda bilu ya magetsi kapena madzi ya dzina lake. Ine ndinapempha mwini nyumba kuti alembe kalata yoti ndimakhala pamalo pake, tinakadinditsa ku polisi, nkuphatikiza bilu yake. Sizinatenge ngakhale theka la tsiku. Ambiri amagwa mphwayi pamenepa asanafunse nkomwe.

Ndikudziwa ena ati, "Achimwene, inu munali ndi pemiti, nanga ife?" Funsoli ndi loona ndipo sindilithawa. Sindingakuuzeni kuti mugule mapepala achinyengo, chifukwa banki ikawatulukira ndalama zimatsekeredwa, inu nkukhala ndi mlandu pamwamba. Chomwe ndinganene nchakuti makampani otumiza ndalama ngati Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa amalembetsa munthu ndi pasipoti yake, ndipo ndalama imafika kumudzi tsiku lomwelo pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki. Choncho musanakwere basi pa Dedza paja, tengani chiphaso cha unzika mupite pa boma mukatsegule akaunti yanuyanu ya kuno. Mukalandira uko, ya malata ibwere kuno m'dzina lanu, ya ndiwo za amayi ipite pa foni ya amayi. Kusakaniza ziwirizi ndi komwe kwadanitsa mabanja ambiri kuno ku Ntcheu. Munthu kubwera patatha zaka zinayi akuyembekeza nyumba, nkupeza njerwa zokha zitamera udzu, abale aliyense akuloza mnzake.

Pali chimodzi chomwe ndiyenera kuvomereza. Kusunga m'makwacha nako kuli ndi ululu wake. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anaunjika ndalama kuno anadzuka itachepa mphamvu. Ndiye ngati muli ndi mwayi wa akaunti yovomerezeka uko, nzeru yanga ndi yosunga gawo lina m'marandi, nkumatumiza pamene simenti kapena feteleza akufunikadi kugulidwa. Amene alibe mwayiwo, ndalama ikafika isanduke katundu msanga.

Tsono posankha banki, musatengeke ndi kukongola kwa khadi kapena kutalika kwa nyumba yake. Funsani kuti amadula zingati pamwezi, amadula zingati mukatapa pa makina awo, nanga pa makina a banki ina. Munthu wolandira pang'ono amatapa kawirikawiri, ndipo timarandi timeneti pakutha pa chaka timakwana thumba la ufa. Ine ndinaphunzira mochedwa kuti kutapa pa tilu ya mu Shoprite kapena Pick n Pay pogula zinthu kumatchipa kusiyana ndi pa ATM. Funsaninso chomwe chimachitika pemiti ikatha, chifukwa banki imalemba tsiku lake, ndipo mukapanda kukapereka yatsopano akaunti imaima ngakhale muli ndalama. Kuyambira mu April 2024 kulinso bungwe la CODI lomwe limateteza ndalama za wosunga aliyense mpaka R100,000 banki ikagwa. Koma nalonso limayang'ana dzina la mwini akaunti, osati la wobwereka.

Nkhani ya simu musaipeputse. Simu zogula pamsewu zolembetsedwa kale m'dzina la munthu wosamudziwa zimaoneka zachangu, koma nambala zachinsinsi za banki zimabwera pa simu imeneyo. Foni ikabedwa, ndipo ku Joni mafoni amabedwa, mukayibweza bwanji nambala yomwe si yanu? Lembetsani ndi pasipoti yanu.

Ndiyankhulenso ndi inu amene zinakuyenderani, muli ndi pemiti ndi khadi. Ndikudziwa kuti kukana m'bale kumawawa, tinaleredwa kuti mlendo sathamangitsidwa. Koma ndalama iliyonse yolowa mu akaunti yanu mudzayankha ndinu. Wina akakupemphani kuti "pangodutsa kandalama kenakake", nkupezeka kuti ndi yakuba, amene adzafunsidwe ndi kutsekeredwa ndinu, iye ali phee. Kumuthandiza kwenikweni ndi kumuperekeza kukalembetsa m'dzina lake, kumuonetsa kolowera, kumumasulira fomu ngati Chingerezi chikumuvuta. Ine ndaperekezapo anthu asanu, ndipo palibe amene tinadana naye.

Mnzanga wa ku Tsangano uja anapeza gawo chabe la ndalama zake patapita nthawi yaitali, mwini akaunti atayesetsa ali kumudzi. Malata anagula, koma mochedwa ndi dzinja lathunthu, ana akugona m'nyumba yodontha.

Lolemba m'mawa ndinakwera minibasi ndi mwana wa achemwali uja mpaka pa Ntcheu boma. Anaima pamzere ndi chiphaso chake, anasayina yekha, ndipo potuluka ndinamuuza kuti nambala ya akauntiyo ailembe papepala aike mkati mwa pasipoti. Basi yake inyamuka Loweruka.