Mafuno abwino si a abwana okha

Sabata yatha ku ofesi kwathu, cha ku Cairo Road, abwana ankakumbukira tsiku lawo lobadwa. Gulu lathu la WhatsApp linachita kusefukira ndi zithunzi za makeke ndi maluwa mpaka usiku. Sindikudana nazo ayi. Chimene chandiwawa n'chakuti Lachisanu lomwelo amayi amene akhala akutisesera ndi kutiphikira tiyi kwa zaka zambiri ankapuma pantchito, koma pagulupo panali zii. Iwo sali n'komwe pagulupo, foni yawo ndi ya mabatani.

Ndinawapeza kukhitchini akutsuka makapu. Ndinati, "Amayi, ndamva kuti lero ndi tsiku lanu lomaliza. Mwatisamalira ngati ana anu. Mukapume bwino, Mulungu akusungeni." Anapukuta manja pachitenje, n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, osalitaya msanga. Anandiuza kuti amayesa angochoka mwakachetechete.

Ine ndimaona kuti kufunira munthu zabwino kuntchito kumayamba ndi kumuona munthuyo. Mlonda wapageti, dalaivala, mtsikana amene wangoyamba kumene, onsewa amadwala, amaferedwa, amabereka ana.

Kalankhulidwe nakonso n'kofunika. Muno mu Lusaka "iwe" satichoka pakamwa, mu minibasi ndi ku Kamwala timangoti iwe, iwe. Koma mu ofesi ndi "inu", ngakhale munthuyo akhale wamng'ono kwa ife. Ndipo tizitchula chimene chachitika. Wakwezedwa pantchito, timuuze kuti, "Takondwera nanu, mwaigwirira ntchito." Wadwala, "Pepani, muchire msanga" n'zokwanira, osayamba kumufunsa pagulu kuti akudwala chiyani. Matenda ndi chinsinsi cha mwini wake.

Pamaliro ndiye sindinyengerera. Kachithunzi ka manja opemphera si chipepeso. Envulopu izungulire madesiki onse, awiri kapena atatu apite kunyumba ya maliro akakhale pansi ndi anamfedwa. Maliro n'kulirana.

Kumapeto kwa Ogasiti anzathu ena amatenga tchuthi kupita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete. Ulendo wa pa Great East Road ndi wautali, kuwoloka Luangwa, mapiri aja. Kungoti "Muyende bwino, mukapereke moni kumudzi" munthu amanyamuka mtima uli m'malo. Mu ofesi mulinso Abemba, Atonga ndi Alozi. Ndinaphunzira kunena "mwende bwino", "mweende kabotu" ndi "muzamaye hande", ndipo ndimaona nkhope zawo zikuwala akamva chilankhulo chawo pakamwa pa Mchewa.

Lolemba ndinagula khadi ndi kuyenda nayo desiki ndi desiki, mpaka kwa alonda kugeti, kuti aliyense alembepo ndi dzanja lake. Loweruka likubwerali tikawapatsa amayi aja kunyumba kwawo ku Chawama, pamodzi ndi chitenje ndi thumba la ufa la makilogalamu 25.