Inu okonda mbalame za m'khola, tamverani kuno

Ana inu, mavidiyo a mbalame zoimba m'khola amene mukumasheyawa, kuika timitima n'kumafunsa kuti ndingaipeze kuti, mumadziwa komwe mbalamezo akuzitenga? Khalani pansi ndikuuzeni za mbalame ziwiri za ku Southeast Asia, zonse ndi abale ake a pumbwa.

Yoyamba ndi straw-headed bulbul, ku Indonesia amaitcha cucak rawa. Ndi yaikulu ndithu, masentimita ngati 28, mutu wachikasu, ndipo kuimba kwake ndiye musanene, yaimuna ndi yaikazi zimachita kulandizana nyimbo. Mawu okomawo ndi amene aiputira tsoka. Imakonda m'mphepete mwa mitsinje ndiye otchera savutika, amangokwera bwato n'kumalondola mawu, apa ulimbo apa ukonde, ena mpaka kutapa ana m'chisa nthenga zisanamere, zonsezo kukagulitsa kwa osunga m'makola ndi a mipikisano ya mbalame zoimba. Lero ku Thailand kulibe, pachilumba cha Java kulibe. Bungwe la IUCN, loona za zamoyo zomwe zili pangozi yakutha, mu 2016 linati mbalameyi ili pangozi, pofika 2018 linaiika m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu, zaka ziwiri zokha abale! Zikuluzikulu zotsala m'tchire sizikupitirira 1,700 dziko lonse lapansi. Komwe zikupumako pang'ono ndi ku Singapore, makamaka pakachilumba ka Pulau Ubin, poti kumeneko otchera sawasekerera. Mu 2022 mayiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zam'tchire, anagwirizana zoletsa kuigulitsa kuchoka dziko lina kupita lina.

Inzake ndi yellow-vented bulbul, yocheperako, mawu ake wamba basi. Iyi sisankha, zipatso idya, tizilombo idya, chisa imamanga ngakhale m'maluwa a pakhonde pakati pa tauni, ndipo a IUCN anaiika m'gulu la zosadetsa nkhawa.

Ndiye wina aziti iyiyi ndi yambirimbiri singathe, eti? Yamutu wachikasu ijanso kale inali mbwee m'mitsinje. Otchera ikawasowa yodula amagwira yomwe ilipo, ndipo yawambayi ikupezeka kale m'makola m'misika ya mbalame ku Jakarta.

Otchera sangalowe m'tchire popanda wogula, wogulayo ndi inuyo amene mukufunsa mtengo m'makomenti. Wogulitsa akakuuzani kuti yake anaweta yekha pakhomo muuzeni aonetse mapepala, akayamba chibwibwi musiyeni, ndipo vidiyo yakeyo musasheye, mwamva?