Suti ya Godzilla musaipepuse

Inu amene mwalemba nkhani ya zilombo za m'mafilimu, mwalemba bwino koma apa mwati masuti a zilombo za m'mafilimu a ku Japan anali zidole zotchipa zongoseketsa, ayi pamenepo sitigwirizana. Suti yoyamba ya Godzilla, chilombo chachikulu cha m'filimu ya 1954 ya kampani ya Toho, inkalemera pafupifupi makilo 100 abale, ngati matumba awiri a feteleza munthu kuvala m'thupi, mkatimo munali nsungwi ndi mawaya kenako kumata labala pamwamba, ndiye Haruo Nakajima amene ankalowamo ankaonera pa timabowo ta pakhosi poti mutu wa chilombocho unali pamwamba pa mutu wake. Kutentha kwa magetsi a mu situdiyo osanena, thukuta ankachita kukhuthula akatulukamo.

Koma kulemerako ndi komwe kunakometsa zinthu. Miyendo yonenepa ija, thupi lalikulu kumunsi kamutu kakang'ono, sungathamange nazo, ndiye a Eiji Tsuburaya, omwe ankatsogolera kajambulidwe ka chilombocho, ankajambula kamera ikuthamanga kuti poonetsa zonse ziziyenda pang'onopang'ono, timanyumba ting'onoting'ono tomanga mu situdiyo tija tikamagwa umakhulupiriradi kuti chinthuchi nchachikulu zedi. Nakajima mpaka ankapita kosungira nyama ku Ueno kukaonerera mmene njovu ndi zimbalangondo zimayendera. Khungu lokhakhala lijanso limakumbutsa zipsera za anthu omwe anapsa ndi bomba ku Hiroshima, sizoseka zimenezo.

Nanga King Ghidorah, chilombo china cha m'filimu ya 1964, bwanji simunamutchule? Mitu itatu, michira iwiri, mapiko, manja alibe, munthu mmodzi mkati ena angapo ali pamwamba kukoka makosi ndi mawaya kuti asapiringizane. Ameneyo ndiye mukanalemba ndime yakeyake.