Nkhani za 6 koloko sizidikira munthu

Anzanga, masiku ano ndabwereranso kuonera The Mary Tyler Moore Show, sewero loseketsa la ku America lomwe linkaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya CBS kuyambira 1970 mpaka 1977. Maganizo anga ndi akuti palibe malo antchito amene nthabwala zake zimakoma kuposa chipinda cha atolankhani a pa TV.

Chimene chimachititsa ndi wotchi. Ku ntchito kwina mukayambana mutha kusungirana chakukhosi mpaka Lolemba. Koma pa WJM-TV, wailesi ya kanema ya m'seweroli, mumzinda wa Minneapolis, 6 koloko ikakwana nkhani ziwerengedwe basi, kaya mwakhululukirana kaya ayi. Bwana Lou Grant ali kalikiliki kukalipa, Mary Richards ali yakaliyakali ndi mapepala, Murray Slaughter akugogoda chiganizo chomaliza pa makina otaipira. Ndiye kamera iyaka, wowerenga nkhani Ted Baxter akonza tayi, akhwimitsa mawu, n'kutchula mokhota dzina lomwe mnzake walemba bwinobwino.

Ine amene amandikhudza mtima ndi Murray. Wolemba ndi iye, wotchuka ndi Ted. Anthu mumsewu amapatsa moni nkhope imene amaiona madzulo, osadziwa kuti mawu onsewo ndi thukuta la bambo wadazi uja wokhala desiki yoyandikana ndi ya Mary. Aliyense amene anakhetsapo thukuta wina n'kudyerera amaseka pamenepa, koma mumtima mukuwawa. Chimene ndimamulemekezera n'chakuti safooka. Amamunyogodola Ted tsiku ndi tsiku, inde, koma kukacha amamulemberanso nkhani zosalala ngati sanayambane. Gavin MacLeod anasewera munthu ameneyu mofatsa kwambiri, mwina n'chifukwa chake ambiri amamuiwala akamakamba za seweroli.

Ena amati masewero otere amanyozetsa utolankhani. Ine ndikukana. Anthu awa amalakwitsa, amachitirana nsanje, koma ntchito yawo amaikonda, ndipo woonera amachoka akudziwa kuti kuseri kwa wowerenga nkhani mmodzi kuli gulu lotopa. Mphoto 29 za Emmy (za mapulogalamu a pa TV opambana ku America) zimene seweroli linapata sizinabwere mwamwayi.

Gawo lomaliza la mu 1977 limandigwetsa misozi mpaka lero. Wailesiyo ikhala ndi eni ake atsopano, ndipo onse achotsedwa ntchito kupatula Ted yekha. Akumbatirana onse pakati pa ofesi, akufuna tishu koma palibe wofuna kutaya mnzake, ndiye akhwekhwerezana chonchobe mpaka pa desiki. Atatuluka onse, Mary atembenuka, ayang'ana chipinda chija kotsiriza, n'kuzimitsa magetsi.